Njerwa za Zala Zitatu

Uthenga unandipeza ndili pa ntchito ku Lilongwe, ndikufunafuna mtsempha pa dzanja la mayi wina woti ndimuike diripi. Foni inanjenjemera m'thumba la yunifolomu, ndipo nditapeza mpata ndinaona kuti ndi mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga, amene amakhala ndi amayi kumudzi ku Nchenachena. Analemba mwachidule monga mwa khalidwe lake: mphepo yasasula denga la mdadada wakale wa kusukulu, khoma lang'aluka, ndipo Loweruka la sabata yamawa makolo avota ngati aukonze kapena augwetse. Mawu akuti augwetse ndinawawerenga katatu. Tsiku lomwelo ndinakapempha tchuthi, ndikunama kuti amayi sakupeza bwino.

Ndivomereze msanga kuti ndine wa mtima wapachala. Anzanga kuntchito amati ndikapsa mtima ngakhale madokotala amadutsa monyang'ama pakhonde. Koma tsiku limenelo sikunali kupsa mtima kokha ayi, ndinali ndi mantha. Mdadada umenewo unali wa makalasi awiri okha, wa njerwa zowotcha zomangira dothi, wopanda pulasitala mkati ndi kunja komwe. Munthu wodutsa pamsewu sakanauyang'ana kawiri. Kwa ine anali malo okhawo m'boma lonse la Rumphi amene ndinkapezako bambo anga.

Bambo anali a ku Ntcheu. Anabwera ku Nchenachena ali mnyamata kudzapala matabwa a mabenchi a tchalitchi, ntchito ya miyezi itatu, koma anaona amayi akutsika phiri ndi mtolo wa nkhuni ndipo miyezi itatu ija sinathenso. Anthu ankawatcha Mchewa. Iwo ankayesetsa kufotokoza kuti ndi Mngoni, koma kwa munthu wa m'mapiri amenewa aliyense wochokera kuseri kwa Jenda ndi Mchewa basi. Chitumbuka chawo chinakhala chotsimphina mpaka imfa, ndiye kunyumba kwathu tinkayankhula zosakaniza: bambo akafunsa m'Chichewa, amayi ankayankha m'Chitumbuka, ife ana n'kumatola uku ndi uku. Dzanja lawo lamanja linali ndi chilema. Chala chapakati chinadulidwa ndi sowo kalekale asanakwatire, moti chinali chachifupi kuposa zinzake ziwiri za m'mbali.

Chaka chimene mudzi unagwirizana zomanga makalasi a njerwa, ine ndinali ndisanayambe sukulu, ndipo chilimwe chimenecho ananditumiza kukakhala kwa amayi aang'ono ku Phwezi. Zimene ndikunena apazi ndinachita kumva. Khomo lililonse linapatsidwa mulu wake wa njerwa woti liumbe. Kuumba inali ntchito ya azibambo, azimayi ankangotunga madzi. Lamulo linali lotero ndipo panalibe wolitsutsa. Aliyense ankaumbira pa chulu cha m'munda mwake, njerwa zikauma n'kuzisenzera ku uvuni wa pasukulu. Kuti a komiti adziwe amene wagwira ntchito ndi amene wazemba, khomo lililonse linkadinda chizindikiro chake pa njerwa ikadali yaiwisi. Sankadinda pamwamba ayi, ankadinda m'mbali, pamene pamaoneka njerwa zikasanjidwa. Amisiri atamanga, zizindikiro zambiri zinayang'ana m'kalasi.

Ndiye ife tinaphunzira kuwerenga khoma tisanadziwe a e i o u. Mtanda unali wa banja la mkulu wa mpingo. Phazi la nkhuku, timizere titatu tokumana pansi, linali la anthu a kutsidya kwa mtsinje. Panali chitsekerero cha botolo, panali nsonga ya chikwanje, panali mano a chipeso. Banja lina la kalaliki linadinda foloko, kuti dziko lonse lidziwe kuti kwawo sadyera manja, ndipo ana awo tinawaseka mpaka Sitandade 8. Chathu chinali zala zitatu: chachitali, chachifupi, chachitali. Chimenecho panalibe akanabera.

Tikayambana pa nthawi yopuma, mkangano unkathera pa khoma. "Iwe, usatsamire njerwa za adada anga!" Wina n'kuyankha kuti za adada akewo n'zosapsa, zikufumbutuka zokha. Zathu zinali zambiri pansi pa windo lachitatu m'kalasi ya kumanzere, ndipo pamenepo ndi pamene ndinakhala zaka ziwiri, pa dothi, sileti ili pamiyendo. Miyezi ya Juni ndi Julaye nkhungu inkalowera pa mawindo opanda magalasi n'kutipeza tili mbuu, mano akugundana. Aphunzitsi ankatiimbitsa matebulo a samu tikudumphadumpha kuti titenthedwe, fumbi lili koboo, kenako n'kutikalipira kuti tikukhosomola dala. Ndikakhala pansi ndinkalowetsa zala zanga m'zala za bambo, n'kumamva ngati andigwira dzanja. Ndikalakwa samu, ndikakwapulidwa chifukwa chochedwa, ndikamva njala, dzanja linkapita lokha pa khomapo.

Chinthu chimodzi chinkandizunguza mutu. Bambo anali ndi manja ngati makasu, koma zala za pa njerwa zinali zowonda, moti pofika Sitandade 4 zanga zinkatsala pang'ono kudzazamo. Tsiku lina ndinawafunsa akupala chitseko pabwalo. Anaima, napukuta thukuta ndi kuseri kwa dzanja.

"Njerwa imafota pamoto, mwanawe," anatero. "Sunaone nyama ikamawotchedwa?"

Anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Amayi anali pomwepo akusankha nyemba m'lichero ndipo sanatukule mutu. Ine ndinakhutira, mpaka m'mawa mwake ndinakaphunzitsa anzanga kuti njerwa imafota.

Bambo anamwalira ndili ku sukulu ya unamwino. Abale awo anabwera ndi lole kuchokera ku Ntcheu, nati mwana wawo sangagone kuchilendo. Amayi analira, akuluakulu a mpingo anayesa kuchonderera, koma maliro anapita. Kumandako ndafikako kawiri kokha pa moyo wanga, ndipo ulendo wachiwiri ndinasokonezeka pakati pa mitumbira mpaka anachita kundilozera. N'chifukwa chake ndikapita kumudzi, ndikangotula chikwama ndi kupereka moni, ndinkatsetsereka kupita kusukulu. Amayi ankati, "Wayamba kale ulendo wa kwa adada ako? Tiyi azizira." Ndinkayankha kuti ndibwera pompano, koma ndinkakhalitsa kumeneko.

Ulendo uno ndinafika Lachinayi. Basi mpaka Mzuzu, minibasi mpaka pa mphambano, kenako njinga yamoto yokwera phiri mu msewu wa maenje okhaokha, ine nditakumbatira chikwama ndi dzanja limodzi n'kumakalipira woyendetsa kuti wanyamula munthu osati thumba la feteleza. Ndinamuuza kuti aime pasukulu. Malata anali atapindika, ena ali m'munda wa nthochi wa aphunzitsi. Mitengo ya denga inali itadyedwa ndi chiswe. Mng'alu unayambira pamwamba pa windo lachiwiri n'kutsika mopendekera, waukulu moti dzanja likanalowa. Ana a makalasi awiriwo ankaphunzirira m'tchalitchi, ndipo kukakhala maliro kapena msonkhano wa amayi a mvano, ankabwerera m'mdadada womwewo wopanda denga. Zonsezi ndinaziona, sindinganame, koma maso anga anathamangira pansi pa windo lachitatu. Zala zinalipo. Ndinati mumtima, khoma ili silikugwa ine ndili moyo.

Mlamu anandifotokozera nkhani yonse tikusenda mbatata pakhonde. Njira zinali ziwiri. Yoyamba inali kumata mng'alu, kugula mitengo ndi malata ena, moyo n'kupitirira, ndipo zimenezi zikanatheka ndi zopereka za chaka chimodzi. Yachiwiri inali kugwetsa zonse n'kumanga makalasi atatu a mabuloko a simenti, poti masiku ano akuti njerwa zowotcha zikutha mitengo. Gulu la alimi a khofi la kwathuko linavomera kubwereketsa ndalama zake, koma mudzi unayenera kubweza ndi zokolola: khomo lililonse ndowa ya khofi kapena ya nyemba, chaka ndi chaka, kwa zaka zitatu. Mbali imene ikapambane, onse akamangidwa nayo, wofuna ndi wosafuna yemwe. Khomo limodzi linali ndi voti imodzi, ndipo ya kwathu inali ya amayi, chifukwa mlongo wanga ali ku Joni.

Lachisanu lonse ndinayenda khomo ndi khomo ngati wofuna ukhansala. Ndinapita kwa a mtanda, kwa a chipeso, ndinawoloka mtsinje kukafika kwa a phazi la nkhuku. Ndinawakumbutsa za makolo awo, za nkhungu ija, za matebulo oimba tikudumpha. Ankandilandira bwino, "Yewo chomene, mwatikumbuka," n'kundipatsa nthochi ndi mapeyala mpaka chitenje chinalemera. Koma ndikafika pa nkhani yeniyeni ankangoti tiona mawa. Mayi wina amene tinkakhala limodzi pansi pa windo lija anandimvetsera mpaka ndinamaliza, mpeni uli m'manja.

"Nanga ana ako amaphunzira kuti?" anafunsa.

Ndinatchula sukulu ya m'tauni, ya matailosi pansi ndi basi yake yonyamula ana.

"Eya," anatero, n'kupitiriza kusenda chinangwa chake. Ndinachoka pamenepo makutu akutentha.

Amayi ndinawasiyira kumapeto, poti ndinkati amenewo ndi anga kale. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupatsa nkhuku madeya. Ndinayankhula nthawi yaitali. Ndinati bambo alibe manda kuno, ndinati anthu a masiku ano sadziwa kusunga chinthu, ndinati zaka zitatu za ndowa ndi katundu wolemera kwa munthu wa msinkhu wawo. Iwo anakung'untha mbale nati, "Napulika," ndiko kuti ndamva. Ine ndinatenga mawu amenewo ngati lonjezo. Zaka zoposa makumi asanu ndili mwana wawo, koma ndinali ndisanaphunzire kuti amayi akati amva, ndiye kuti amva basi.

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pabwalo la mpira wa atsikana, azibambo pa mabenchi obwereka kutchalitchi, azimayi pa zitenje. Wapampando wa komiti ya sukulu anali mnzanga wa m'kalasi, wa banja la foloko lija, tsopano ali ndi imvi ndi kamimba. Titatha pemphero ndi nyimbo, anaika mipando iwiri motalikirana. Pa wina anaikapo njerwa imene inagwa pa khoma lakale, pa winawo buloko ya simenti yobwereka kwa mwini golosale. Kwathu nkhani zotere sitivota ndi mapepala. Munthu amaima kumbuyo kwa chimene akufuna, masana dzuwa likuswa mtengo, kuti tsiku lopereka ndowa asadzati ine kunalibe.

Anayamba ndi aphunzitsi aakulu, amene anati ana achuluka, makalasi awiri sakukwaniranso ngakhale atakhala ndi denga. Kenako anaima mkulu wina wa kutsidya, nati zaka zitatu si masewera, khofi sabereka mofanana chaka chilichonse, ndipo ngongole ilibe chisoni ndi chilala. Ambiri anagwedeza mutu. Ine ndinaona kuti mpata ndi umenewu, n'kukweza dzanja.

"Monire mose," ndinayamba.

"Yewo," anayankha.

Ndinapitiriza m'Chitumbuka mawu angapo, koma mtima utayamba kuthamanga Chitumbuka chinandithawa, ndinangopezeka ndili m'Chichewa cha bambo. Ndinati khoma limenelo ndi manja a makolo athu. Ndinati ena mwa iwo mitumbira yawo inafafanizika kale, chotsala ndi mtanda, chipeso ndi phazi la nkhuku. Ndinati mtundu wogwetsa zimene makolo anamanga ndi thukuta ndi mtundu wopanda manyazi. Pomaliza ndinadziguguda pachifuwa. "Malata ndigula ine ndekha, onse! Inu mungomata mng'aluwo."

Ena anaomba m'manja. Wapampando anadikira phokoso lithe, akumwetulira momwe ankamwetulira tikamamuseka za foloko.

"Yewo chomene, asisitala," anatero. "Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, n'zoona. Koma malata amakhala pa khoma, ndipo pansi pa khomalo pamakhala ana athu. Anu ali pa matailosi."

Anthu anaseka. Za matailosi zinali zitafika kale paliponse, mudzi ulibe chinsinsi. Koma chimene chinandibaya ndi mawu akuti mlendo, mawu omwewo amene bambo anakhala nawo moyo wawo wonse.

"Ine mlendo? Mchombo wanga unagwera pano!" ndinakuwa. "Iwe wa foloko, si iwe unkandikopera samu?"

Apa ndiye anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, wapampando yemwe. Ndinakhala pansi. Ndinayang'ana kumene kunali amayi, ndipo anali akukonza duku lawo ngati sakundidziwa.

Nthawi yoima pa mzere itakwana, ine ndinali woyamba kukaima kumbuyo kwa njerwa. Wapampando anabwera pafupi nandinong'oneza, mwaulemu ndithu, "Asisi, khomo limodzi munthu mmodzi. Ndowa yanu idzachokera m'munda uti?" Ndinapatuka n'kukaima pansi pa mtengo wa mapeyala pamodzi ndi ongoonerera.

Mizere iwiri ija inakula pafupifupi mofanana. Kumbuyo kwa njerwa kunali achikulire ambiri, ena chifukwa chokonda zakale, ambiri chifukwa choopa ndowa. Kumbuyo kwa buloko kunali azimayi a ana kumsana ndi azibambo achinyamata. Ndinayesa kuyerekeza ndi maso, ndipo mzere wa njerwa unkaoneka wotalikirapo pang'ono. Mtima unayamba kukhala pansi.

Amayi anali akadali pa chitenje chawo. Anadzuka pomaliza penipeni, mochedwa, atatsamira ndodo. Anayenda molunjika ku mzere wa njerwa, ndipo mkulu wa kutsidya uja anasendera kuwapatsa malo, nati, "Apa, mama." Iwo anamugwedezera mutu mwaulemu, n'kudutsa. Anadutsa mzere wonsewo, nadutsa pakati pa bwalo pamene panalibe munthu, ndodo ikugogoda pansi, mpaka anakaima kumbuyo kwa mtsikana wina wa msinkhu wa mdzukulu wawo, pa mzere wa buloko. Kenako ndinaona azimayi achikulire anayi a pa mzere wa njerwa akuyang'anana. Mmodzi anatuluka, anzake n'kumutsatira, onse kukaima kumbuyo kwa amayi.

Atawerenga anthu, buloko inapambana. Nthungululu zinamveka mpaka kutchalitchi. Ine sindinadikire pemphero lotsekera.

Ndinakalowa m'kalasi ya kumanzere, yopanda denga, n'kukhala pansi pa windo lachitatu, pa dothi, ndi chitenje changa chatsopano. Ndinalira ngati mwana wa Sitandade 1. Ndinene mosabisa, pa nthawi imeneyo ndinkadana nawo amayi anga. Ndinkakonza mumtima zoti ndinyamuke ndi njinga yoyamba ya m'mawa, ndisawatsanzike n'komwe. Ndili m'maganizo amenewa ndinamva ndodo ikugogoda pakhomo.

"Odi," anatero amayi, ngati akulowa m'nyumba ya eni.

Analowa, naima patsogolo panga, akupuma movutikira.

"Poyamba bambo anawatenga a ku Ntcheu," ndinatero osawayang'ana. "Apa ndiye mwawapereka nokha."

Mawu amenewo anali oipa, ndipo ndinadziwa akutuluka kuti ndi oipa. Amayi sanandikalipire. Anangoti, "Sendera." Ndinasendera. Anandipatsa ndodo kuti ndigwire, nagwada pang'onopang'ono, mawondo akulira. Kenako anatambasula dzanja lamanja, napinda chala chapakati, n'kuika zala zitatu pa njerwa imene ndinkaikonda kuposa zonse. Zinalowa ndendende. Anachotsa n'kuika pa ina ya pambali pake, kenako pa ina ya m'munsi. Paliponse zinkalowa ngati phazi m'nsapato yake yakale.

Ndinatembenuka kuwayang'ana amayi.

"Chaka chimenecho adada ako anaumba masiku awiri," anatero, maso ali pa khoma. "Tsiku lachitatu anakhosomola magazi. N'chifukwa chake tinakutumiza ku Phwezi. Chifuwa chachikulu nthawi imeneyo sichinali chonena, anthu akanasiya kumwa madzi pakhomo pathu. Ndiye tinkangoti ali kumunda. Komanso anthu anali atayamba kale kunena kuti muona, Mchewa uja azemba, alendo sagwira chitukuko. Ine zimenezo yayi."

Anandifotokozera mwachidule, monga munthu wonena za ulimi wa chaka chatha. Chulu chathu chinali kumunsi kwa munda, kuseri kwa nthochi, kosaoneka kuchokera kunjira. Ankatunga madzi okha, kuponda dothi okha, kuthira m'chikombole, kukhuthula, mlongo wanga ali kumsana. Njerwa iliyonse ikatuluka ankapinda chala n'kudinda, kuti a komiti aone dzanja la mwamuna wa pakhomo.

"Azimayi aja wawaona akunditsatira, amadziwa. Ndi amene ankandithandiza kusenza. Azibambo mpaka lero sadziwa kanthu. Adada ako atachira ankafuna kukaulula, ine ndinakana. Ndinati ulemu wafika kale pakhomo, usiyeni ukhale."

"Nanga njerwa za bambo zenizeni zili kuti?" ndinafunsa.

"Zinali zoyamba, zinalowa m'maziko. Sunazionepo, mwana wane."

Ndinakumbukira kuseka kwa bambo tsiku lija, ndi mutu wa amayi uli m'lichero. Ndinakumbukira mmene ndinaphunzitsira kalasi yonse kuti njerwa imafota. Manyazi ndi chisoni zinandigwira pamodzi, moti mawu anatuluka aang'ono.

"Bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

"Unkabwera kuno n'kubwerera nkhope itawala. Ndikanakulanda chifukwa chiyani? Ine ndinkangotenthetsanso tiyi."

Kenako analoza mng'alu uja ndi chibwano. Anati dothi lake anaponda ndi iwo, ndipo akulidziwa. Ankaumba mothamanga, mwina dothi lisanapondeke bwino, poopa kupezedwa. Anati njerwa zimenezi zagwira ntchito kuposa mmene ankayembekezera, ndipo tsiku lililonse limene mdzukulu wawo, mwana wa mlongo wanga, amaphunzirira m'menemo iwo amakhala tcheru kumvetsera ngati kumveke chiphokoso kuchokera kusukulu.

"Ndowa zitatu ndizikwanitsa, nyemba ndimalima ndekha," anatero. "Khoma ili mwini wake ndine, ndipo ndati aligwetse. Tandidzutsa."

Ndinawagwira dzanja kuti ndiwadzutse. Ine amene ndimagwira manja a anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku, kufunafuna mitsempha, sindinathe kukumbukira tsiku lomaliza limene ndinagwira dzanja la amayi anga. Linali lopepuka, lokhakhala, lofunda, zala zake zowonda. Ataimirira sindinalisiye. Tinatuluka choncho m'kalasimo, ndodo ili kwa ine, n'kudutsa pabwalo pamene anthu anali akubweza mabenchi kutchalitchi. Wapampando anatiyang'ana, natsegula pakamwa, koma amayi atamuyang'ana anatsekanso.

Mdadada unagwetsedwa mvula itatha. Ine kunalibe, ndipo sindinafune kuonako ngakhale zithunzi zimene mlamu ankatumiza. Njerwa zimene zinatuluka zamphumphu anamangira khitchini yophikira phala la ana. Wapampando anandiimbira foni, nati wandisungira imodzi ya zala zitatu, ndipo akaisiya kwa amayi. Ndinamuthokoza, ndinamupepesanso za samu zija, ngakhale kukopera ankakoperadi. Makalasi atsopano ndi oyera, a magalasi, opakidwa laimu mkati. Khoma lake ndi losalala, palibe chowerenga, ndipo nthawi zina ndimawamvera chisoni ana amene akukhalamo. Koma nkhungu siiwapeza, ndipo amayi anasiya kutchera khutu kusukulu.

Nyengo yokolola itafika ndinapemphanso tchuthi, ndipo ulendo uno ndinanena zoona, kuti ndikukathandiza amayi kumenya nyemba za ndowa ya sukulu. Anzanga anaseka, nati namwino wamkulu ngati ine bwanji osangotumiza ndalama. Sindinawapsere mtima. Tinamenya nyembazo masiku awiri, fumbi lili m'maso, amayi akundiseka kuti ndimagwira ndodo ngati jekeseni. Ndowa yoyamba tinakapereka tonse, ine nditasenza, iwo akutsogolera.

Njerwa ija ndinaipeza itatsamiritsidwa ku chitseko cha khitchini ya amayi kuti chisamatsekeke ndi mphepo. Ndinafuna kudandaula, koma ndinadzigwira, poti mwini wake ndi amene anaiika pamenepo. Kwatsala ndowa ziwiri, ndipo ndawauza kale akuntchito kuti miyezi imeneyo asamandiwerengere. Masiku ano ndikafika kumudzi ndimatula chikwama, kupereka moni, n'kukhala pansi pakhonde pafupi ndi amayi. Tiyi ndimamwa akadali wotentha.